Botolo la ku Islay Silikununkha

Lachitatu, Novembala. Kunja kwachita mdima tsiku lonse, thupi lolemera.

Nditaweruka kuchipatala ku Edmonton ndatsegula wisiki wanga wa single malt wa ku chilumba cha Islay, botolo lija ndakhala ndikulisunga kuseri kwa anzake m'kabati. Wisiki ameneyu amanunkha utsi ngati makala onyowa. Ndathira pang'ono m'tambula n'kuikapo mphuno, koma sindinamve kanthu. Ndadonthezera madzi, ndadikira, ndanunkhizanso. Zii.

Ndimati mwina chivindikiro sichinatseke bwino. Koma amake Tadala akuwa ali kukhitchini: "Bambo a Tadala, mwatsegulanso mankhwala anu aja? Nyumba yonse ikununkha matayala opsa!"

Ndaseka nawo. Chimfine ndilibe. Ndayesa mabotolo ena, chimodzimodzi.

Odwala a m'wadi yathu, aja onjenjemera manja, ambiri amandiuza kuti fungo ndilo linayamba kuwathawa, manja akadali bwinobwino. Bambo anganso anasiya kumva fungo la fodya wawo tisanaone supuni ikugwedera m'dzanja lawo.

Amake Tadala sindinawauze. Ndanyamula tambula m'mwamba, maso pa wisikiyo. Ndikuona ngati sakugwedezeka. Ndiyesenso ndi dzanja lamanzere, kenako...