Ngolo ya bambo ili m'buku liti?

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira inu ndi alamu muli bwino. Kuno kutsidya kwa nyanja ku Scarborough tilipo, chimfine chokha.

Tadala wanga anabwera ndi buku la kusukulu lonena za a Blackfeet, eni nthaka akumadzulo kwa dziko lino, mmene agalu ankawakokera katundu akavalo asanafike. Waliwerenga mpaka kuliloweza. Ine mokondwa ndinamuuza kuti nafenso tinasiya kusenza chimanga pamutu bambo atagula ngolo ya ng'ombe. Anandifunsa m'Chingerezi, "Zimenezo zili m'buku liti?"

Taonani, achimwene. Mbiri ya eni ake ali nayo pamtima, koma ya agogo ake akufuna umboni.

Chonde ijambuleni ngoloyo munditumizire, ngati simunaiwaze kale nkhuni.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati