Chikuku cha Mana Hermínia

Milange, Ogasiti 1986

Okondedwa azakhali a Januária,

Ndikhulupirira muli bwino ku Limbeko. Kuno tadzuka, monga mmene anthu akudzukira masiku ano.

Munafunsa za achemwali, mana Hermínia. Azakhali, mukanawaona! Chiwadulireni miyendo bomba lija la kumunda, ankangokhala pakhonde. Tsopano masisitere anawapezera chikuku choyendera batire, ndipo pakhomo sapezekanso. Poyamba anagunda nkhokwe ya anansi athu a Fabião, koma lero amakhota pakati pa matumba a nyemba kumsika osakhudza ndi limodzi lomwe.

Chovuta ndi ulemu wa anthu athu. Aliyense akawaona amathamangira kukawakankha, osadziwa kuti akuwononga injini. Dzulo akatekisita atangogwira kumbuyo, mana anatembenuka n'kuti, "Bambo, chokankha ndi wilibala. Ine ndikuyenda. Bwerani pambali pano tizicheza." Ine ndinabwera ndi digiri ku Maputo kudzasintha boma lino, ndipo ndatopa ndi "mawa, mawa" wa m'maofesi. Tikanakhala ndi anthu khumi a mtima wa mana, bwenzi tili patali.

Koma batire amatchajitsa pa jenereta ya kumishoni, ndipo mafuta sanabwerenso chitsekereni msewu wa ku Mocuba. Anthu a ku Mongue ayamba kudutsa ndi mitolo pamutu. Mukudziwa tanthauzo lake: nkhondo yayandikira.

Ndinawauza mana kuti tsiku lothawa likafika ndidzawabereka mpaka ku Muloza. Anandiseka. Zopita kumsika achepetsako, akuti moto wa batire akusungira mlatho wa pamalire. "Ku Malawi ndikalowa ndekha, osati pamsana pa munthu."

Kulitsani khomo, azakhali. Chikukucho n'chachikulu.

Ndine mwana wanu,
Paulino