Zitsulo Zinali Pansi pa Kama Wanu

Amayi, kumene muliko kodi mukupuma bwanji? Ndine Asani, mwana wanu woyamba. Cholembera chili m'manja mwa Amina, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asakongoletse kanthu.

Ndiyambe ndi adzukulu anu, mudziwe kuti sindinawataye. Amina ndi mphunzitsi ku Etatara, akamadutsa pamsika ngakhale amuna a ndevu amamupatsa moni ndi manja awiri. Yusufu ali pa ntchito ya njanji ku Cuamba, ndipo wamanga nyumba ya malata. Daudi watsegula sitolo ku Mandimba, amagulitsa mchere, sopo ndi machubu a njinga. Onsewa ndawalera ine amene sukulu ndinangoiona pawindo. Chimanga chaka chino chinadzaza nkhokwe, nandolo yekha ndi amene anadyedwa ndi mbozi.

Watsala Zainabu, chitsiriza uja munkamubisira mtedza m'chitenje. Ali ndi pakati pena. Mwana wake woyamba uja simunamuone, Amayi, ifenso sitinamumve kulira. Anathera panjira, mayi wake tikumukankha pa njinga kupita kuchipatala cha ku Mitande. Tsopano azamba amuyeza ndipo akuti mwanayu wagona chopingasa, ayenera kukachirira ku chipatala chachikulu ku Cuamba mwezi wa Disembala usanafike pakati. Amuletsa kukwera njinga yamoto chifukwa anayamba kale kutaya magazi. Shapa, minibasi yathu ija, kuno sifika, imathera kumsewu waukulu. Chimene tili nacho ndi galimoto ya bambo ija, ndipo nayonso ikudwala.

M'mawa imalira bwinobwino. Koma ikangotentha imafooka, pachitunda cha kudambo chija imazima, ndipo siyidzukanso mpaka itazizira. Nthendayi ndikuidziwa, ndi mavavu. Mpata wake watha, satsekanso bwino injini ikatentha. Ntchito yake ndi ya m'mawa umodzi pansi pa mtengo wa mango, bambo anandiphunzitsa ndili mnyamata. Umatsegula chivundikiro ndi sipanala 10. Umachotsa mapulagi ndi sipanala ya paipi ija kuti injini ifewe, kenako umaizunguza pang'onopang'ono ndi sipanala yaikulu. Umamasula nati ndi 12, dzanja lina litagwira sikuludiraiva, n'kulowetsa kampeni koyezera pampatapo mpaka kazikoka pang'ono ngati ukudula papaya wosapsa. Manja anga sanaiwale. Zitsulo ndi zimene ndilibe.

Mukulidziwa bokosi lake. Munalisenza pamutu tikuthawira ku Malawi, mapoto munawasiya. Munalisenzanso pobwera. Bambo atamwalira munaliika pansi pa kama wanu, ndipo ngakhale ine wa imvi ndinkachita kupempha. Dzuwa likamalowa munkaitana muli pakhonde: "Asani, 12 ija yabwera? Ndisanaswali ndiione." Ndinkadandaula kuti mukundiyesa mwana. Lero ndikanakonda mutandikalipiranso.

Zimene zinachitika ndi izi. Pa arubaini yanu, patatha masiku makumi anayi chimwalirireni, ife amuna tili panja ndi mashehe, amayi aang'ono Abiti Mussa analowa m'chipinda ndi azimayi kukagawa katundu wanu. Anati chilichonse chopezeka m'chipinda cha mkazi ndi cha mbumba yake. Anagawa zitenje, anagawa mbale, kenako anakoka bokosi. Aliyense anafuna kachinthu kokukumbukirani nako, ndiye zitsulo zinapita chimodzichimodzi ngati masipuni. Timipeni toyezera tija, timene bambo ankatitcha apalipa, anaona kuti ndi tambiri pamsomali umodzi. Anagogoda msomaliwo ndi mwala, n'kugawira atsikana kamodzikamodzi. Ine ndinapeza bokosi lili pululu, nkhuku itaikiramo kale.

Ndayenda, Amayi. Sipanala yaikulu ndinaipeza kwa mlongo wanga Hawa, akuswera mtedza wa kokonati ndi kukhomera zikhomo za mbuzi. Anandipatsa, koma anati, "Achimwene, mwayamba kutolera za maliro? Mawa mudzafunanso chitenje chimene ndavalachi?" Sikuludiraiva inali kwa mwana wake, akukumbira chinangwa, nsonga yapindika, ndaiwongola ndi kuinola pamwala. Sipanala ya mapulagi ndinaichotsa pachitsime, inali chogwirira chidebe. Junta ya chivundikiro, yotchinga mafuta kuti asadonthe, ndadula ndekha pa katoni yolimba. Sipanala 10 ndi 12 Daudi wandipezera. Zonsezi zili pamphasa, zikudikira.

Timipeni tokha. Ndikufuna tiwiri basi, ka 20 ka mavavu olowetsa ndi ka 30 ka otulutsa. Kamodzi ndinakapeza kwa mdzukulu wa Hawa, amapalira mamba a nsomba, koma ndi konenepa, si kake. Kena anatayira kudambo. Tiwiri tofunikato onse akuti tili ku Ngauma kwa amayi aang'ono, anatimanga m'kansalu pamodzi ndi tasibihi yanu, mikanda yopempherera ija.

Ndinapita. Ndinagona panjira, ndinafika ndi nkhuku m'manja. Anandilandira bwino, anandipatsa madzi, koma nditatchula nkhaniyi nkhope inasintha. Anati, "Mwanawe, chimene chagawidwa pamaliro sichibwerera. Ukufuna akulu anga adzuke adzafunse kuti ndani wakana kugawa kwawo? Ine ndatsala ndi timeneti tokha." Ndinati ndingobwereka, mawa lake ndibweza. Anati, "Bambo ako ankateronso ndi khasu langa." Analowa m'nyumba. Ndinagwada pakhomo paja, ine bambo wa mphunzitsi, ana akundiyang'ana, koma chitseko sichinatseguke.

Musaganize kuti ndangokhala. Ku Mandimba ndazungulira masitolo onse a zitsulo, anyamata ake akundifunsa kuti chimenecho n'chiyani. Yusufu anapeza makaniko wachikulire ku Cuamba amene ali nato, koma akuti zida zake sizituluka pageti, tibweretse galimoto. Galimoto yake iti, yozima pachitunda choyamba? Ndinayesa kuyezera lezala, mpata unachepa, inazima ndisanatuluke m'mudzi. Ndinayesa chidutswa cha sowo yodulira zitsulo, mpata unakula, inachita phokoso ngati chigayo mpaka Zainabu anatuluka atagwira mimba, n'kunena kuti, "Ababa, zimitsani, ndingochirira pompano." Mawu amenewo sakundichoka m'khutu. Ndikapitiriza kuyerekeza ndiotcha vavu, ndipo pamenepo ndiye kuti zatheratu. Kumwamba nako kwayamba kuda cha ku Mitande. Mvula ikagwa yeniyeni, dambo lija silidutsika.

Ndiye ndachita chinthu chimene ndikufuna mumve kwa ine, musamve kwa ena. Ndaitanitsa sadaka m'dzina lanu. Mbuzi ndasankha kale, mpunga Yusufu atumiza. Ndatumiza mawu ku Etatara, ku Ngauma ndi ku Mandimba kuti aliyense abwere ndi chimene anatenga m'chipinda chanu, tidzaziike pamkeka shehe akamapemphera. Sadakayo ndi yoona, Amayi, tinayenera kukuchitirani kalekale. Koma sindikubisirani, anthu akadzatseka maso maso anga adzakhala pakansalu kaja. Ndidzapempha pamaso pa mbumba yonse, Zainabu atakhala pomwepo aliyense akumuona. Galimoto ndidzaisiya chivundikiro chili chotsegula, injini yozizira, kuti akangovomera ndiyambe nthawi yomweyo iwo akudya, ndiwabwezere asananyamuke.

Kwa inu ndikupempha chimodzi. Mng'ono wanuyo sanamverepo munthu wina koma inu. Amati mumawafikira kutulo kawirikawiri, mumawafunsa za fodya wawo. Mukapitanso, auzeni kuti asasiye kansaluko kunyumba, ndipo Asani akapempha amasule. Ine mawu anga atha, miyendo yanganso yatha.

Sadaka ili Loweruka loyamba la Disembala, pakhomo panu pompano, ikatha swala ya masana. Zikayenda, Lamulungu m'mamawa tinyamuka, ndipo ndikulonjeza kuti podutsa kumanda ndidzaimitsa galimoto osazimitsa, muimve mmene ikulirira, muonenso mdzukulu wanu ali pampando wakutsogolo.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka lero,
Asani