Miyendo yatupa mitsempha, masokosi andichititsa manyazi

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 53, ntchito yanga ndi yometa anthu tsitsi. M'kachipinda kathu muli mipando itatu, galasi limodzi lalitali ndi benchi ya makasitomala. Wometa alibe pokhala. Ndaima kuseri kwa mpando wapakona zaka 24, ndipo tsopano miyendo yayamba kundikana.

Mitsempha yatupa kuyambira kuseri kwa mawondo mpaka m'akakolo, yopindikapindika ngati mizu. Dzuwa likapendeka miyendo imalemera ngati ndaimangirira njerwa. Pa kakolo wakumanzere khungu lada ndipo limayabwa. Chondisowetsa mtendere n'chakuti malemu mayi anga anayamba chonchi. Kenako panatuluka chilonda chimene sichinapole mpaka tinawaika m'manda. Wowatsuka ndinali ine, ndipo fungo lake ndimalikumbukirabe.

Kuchipatala namwino anandiuza kuti ndizivala masokosi othina. Mzere unali wautali, ndiye sindinafunse zambiri. Mkazi wanga anandipezera ena pa kaunjika. "Abambo, wogulitsa akuti ndi omwewo, tayesani," anatero. Ndinavala masiku anayi. Ankatsetsereka n'kudzipinda pansi pa bondo, n'kumandidula ngati chingwe. Tsiku lachinayi zala za kuphazi zinachita dzanzi. Ndinakhala pa benchi, n'kukweza buluku kuti ndiwavule. Mnzanga wa mpando wapakati, amene timamutcha Lumo, anaona. "Akulu, amenewa mwabwereka kwa alamu?" Onse anafa nacho chikhakhali. Mwini malo yekha ndiye sanaseke. Anandiitanira panja nati, "Ngati mwatopa nenani, ofuna mpandowo alipo ambiri."

Sindinawavalenso. Ntchito ina sindiidziwa, ndipo mwana wanga womaliza adakali pasukulu. Kusitolo ya mankhwala ndinaona masokosi ena ofika m'bondo, ena m'ntchafu, mabokosi ake olembedwa manambala osamveka. Ndinatuluka chimanjamanja. Ndisankhe ati? Kapena ndingovomera kuti njira ya mayi ndi yanganso?

W.D.K., m'tauni

Bambo W.D.K.,

Sindikunamizani. Mitsempha ikatupa sibwerera mwakale chifukwa cha masokosi, ndipo ntchito yoima tsiku lonse siichitira chisoni. Komabe masokosi oyenera amachepetsa kulemera ndi kutupako, ndipo angathandize kuti khungu ladalo lisatseguke.

Masokosi munavala aja atayeni. Anali a mwendo wa munthu wina, mphira wake unafa kale, ndipo akadzipinda pansi pa bondo amatsekereza magazi amene mukufuna kuti aziyenda. Koma akazi anu musawadzudzule, anachita chifukwa chokuderani nkhawa.

Bwererani kuchipatala sabata ino, ndipo ulendo uno funsani ngakhale mzere ufike kumsewu. Aonetseni pa kakolopo, auzeni za mayi anu ndi za dzanzi lija. Apempheni akuyezeni shuga, aonenso ngati magazi akufika bwino kumapazi, chifukwa ngati sakufika bwino masokosi othina angakuvulazeni. Manambala a pa mabokosi aja amanena mphamvu ya kuthina. Wokusankhirani mphamvuyo akhale dokotala, osati wogulitsa.

Akakulolani kuvala, bwerekani tepi kwa telala. Yezani m'mawa mukangodzuka, miyendo isanatupe: powonda pamwamba pa kakolo, ponenepa pa katumba, ndi kutalika kuchokera pa chidendene kulekeza zala ziwiri musanafike pa bondo. Lembani za miyendo yonse iwiri, nthawi zina sifanana. Masokosi abwino amathina kwambiri pa kakolo n'kumamasuka pokwera. Ofika m'bondo amawakwanira anthu ambiri. Akuda alipo, mkati mwa buluku Lumo adzangowayesa masokosi wamba.

Muzivala m'mawa, osawapinda kumwamba, osasiya makwinya, ndipo pogona muzivula. Kasitomala akadzuka pampando, kwezani zidendene n'kuzitsitsa kakhumi. Kunyumba gonani chagada, miyendo musanjike pa mitsamiro.

Mwini malo muuzeni zoona, ndipo mumupemphe kampando kakatali koti muzikhalapo pometa. Kuti amva, sindingakulonjezeni. Anthu ena amaona mpando, saona amene waima kuseri kwake. Sindingakulonjezeninso kuti chilonda sichidzabwera. Ndingoti inu mwafunsa khungu lisanang'ambike, ndipo nthawi imeneyi musaitaye chifukwa cha nthabwala za m'kachipinda.

Chenjezo langa ndi ili. Zala zikazizira kapena kusintha mtundu mutavala masokosiwo, vulani pomwepo. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, n'kumatentha ndi kupweteka, kapena mukayamba kubanika, musadikire nthawi yoweruka. Zimitsani makina, musiyeni kasitomala ndi theka la mutu, pitani kuchipatala. Tsitsi lake lidikira.

Aphungu