Rediyeta ya Azakhali Milagros

Lolemba, 9 Januwale

Ndani analamula kuti rediyeta yotenthetsera m'nyumba ikatentha mopyola muyeso tizingotsegula zenera? Dera lathu lonse la Washington Heights mazenera ali yasa, kunja kukuzizira koopsa. Ikamagogoda, akuti zolowera. Ya kuchipinda kwanga yayambanso, gu! gu! gu! ngati wina akumenya paipi ndi hamala. Digiri ya uinjiniya ili m'kabati. Ntchito palibe. Ine zozolowerazo ayi.

Lachitatu, 11 Januwale

Nkhani yake njosavuta. Nthunzi imakwera ndi paipi imodzi kuchokera ku boyila yowiritsa madzi pansi pa nyumba yosanjayi. Ikazizira imasanduka madzi, madziwo abwerere paipi yomweyo. Akatsakamira, nthunzi imawawomba. Phokoso ndi limenelo.

Rediyeta inapendekera kolakwika. Ndaikweza mbali imodzi ndi madomino, timatabwa tamasewera ta azakhali. Zii mpaka masana. Ndinavina ndekha. Kenako gu!

Lachinayi, 12 Januwale

Vuto si rediyeta. Ndi paipi ya pansi pa matabwa opondapo, yawerama, madzi akukhalira momwemo. Ikuchita dzimbiri. Ntchito ya tsiku limodzi, koma mpaka a Dritan, oyang'anira nyumbayi, alowe adzazule matabwa.

Ndaimbira azakhali ku Santiago. Nyumba ili m'dzina lawo, lendi yake ndi yotsika yakalekale ija. Mwini nyumba akangodziwa kuti azakhali anasamuka chaka chatha, ine katundu panja. Lendi ya masiku ano sindingaikwanitse olo sabata.

Akuti, "Iwe Yaniris, Dritan asaponde m'menemo! Akakuthamangitsa ukafunda digiri yakoyo? Tsegula zenera ngati anzako."

Lachiwiri, 17 Januwale

Intavyu ya pa kompyuta ndi kampani ya ku Boston. Jekete yositasita, tsitsi bwinobwino. Ndikufotokoza za kayendedwe ka kutentha m'nyumba zosanja, basi gu! gu! gu! Bambo wa magalasi akuti, "Kodi kwanuko akumanga?" Onse kuseka. Inenso ndinaseka, chitsiru.

Madzulo mpunga ndi nyemba. Ndinazisiya m'mbale.

Lachisanu, 27 Januwale

A ku Boston atenga wina.

Loweruka, 4 Febuluwale

Mayi Ocasio, amene amakhala pansi panga, andikokera m'nyumba mwawo. Denga lathimbirira, madzi akudonthera pa bedi. Nkhungu pakhoma. Iwo chifuwa chosatha, mankhwala opumira ali m'manja.

Akuti, "Injiniya wathu, taona. Mvula ya m'nyumba imeneyi munaiphunzira kusukulu?"

Paipi ija yang'ambika. Ndikudziwa malo ake enieni, nditha kulozapo ndi chala. Ndinati mwina ndi chinyezi chabe. Anandipatsa nthochi zokazinga, akuti ndaonda.

Lolemba, 6 Febuluwale

Ndaganiza kutheratu. Ndikanena, paipi ikonzedwa, ine ndisowa kolowera. Ndikapanda kunena, denga lija tsiku lina...

Ndibwerere kwa amayi ku Allentown, kumagona pa sofa, kumagulitsa mafoni? Ayi.

Lachitatu, 8 Febuluwale

A Dritan pa masitepe, makiyi ali jegwejegwe m'chiuno.

Akuti, "Mtsikana, mayi a pansiwa akuti denga likudontha. Kwanuko mapaipi sakugogoda? Nanga azakhali ako, anakwatiwa osatiitana? Sindikuwaona."

Ndinati azakhali miyendo, satuluka nyengo yozizira. Ndinati kwathu kuli zii.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Pamwamba, kuseri kwa chitseko changa, gu! gu! Anakanda m'mutu, natsika. Akuti akayang'ana denga la pamwamba penipeni sabata yamawa.

Ndaika masilipasi a azakhali pakhomo kuti azioneka ngati alipo. Ndatengera Mayi Ocasio chidebe changa chachikulu. Ndabwerera, ndatsegula zenera.