Kompyuta ya Bambo Yasiya Kulankhula

Lolemba, 11 Ogasiti

Kompyuta ya bambo yati zii. Kauthenga kaja kamangotulukira pa sikirini kuti ikani mapulogalamu atsopano, lero ndinatopa nako n'kudina. Inazima, kuyaka, kuzimanso. Poyaka komaliza, mawu kulibe. Ndadina ndine, inde, koma sindikupepesa kwa munthu. Inapempha yokha.

Chichitireni khungu, bambo amadalira yomweyi. Imawawerengera nyuzipepala, mabuku, ndi mauthenga a anzawo amene ankaphunzitsa nawo. Anaipatsa dzina loti Mlembi. Lero angokhala pampando, zala pa mabatani, n'kufunsa kuti, "Kodi Mlembi wanyanyala?"

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Voliyumu ndaikweza mpaka kumapeto. Kagetsi ka masipika kakuyaka. Ndinakwawira kunsi kwa tebulo, fumbi lokhalokha, kuzula waya, kuuzira, kulowetsanso pa kabowo kobiriwira. Palibe. Ndinalumikiza masipika ku foni yanga, akulira bwinobwino. Ndiye kuti matenda ali m'kati.

Nyuzipepala ndawawerengera ndekha. Akuti ndimameza mawu.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Achimwene anabwera. Sanakhale n'komwe pansi. "Ndinanena ine. Zinthu zoti sukuzidziwa umazigwiriranji? Loweruka ndibwera ndi galimoto, bambo azikakhala kwathu. Kuli wantchito, kuli wailesi."

Wailesi! Ngati mwana womutseka pakamwa ndi switi. Kwawoko kuli masitepe, makoma achilendo. Kuno bambo amayenda okha kuchoka kuchipinda mpaka kubafa osagunda ngakhale mpando. Nkhani yowatengayi ndi yakale, achimwene amangosowa poyambira.

Bambo ankangosisita mabatani.

Ndinati, "Pofika Loweruka idzakhala ikulankhula." Achimwene anaseka. Aseke, mano ndi awo.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Zii basi. Koma sindigonjera chibokosi.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Ndinakulunga chibokosicho m'thawulo n'kupita nacho kwa wokonza uja wa pafupi ndi siteji ya basi. Anangochiyang'ana n'kuti, "Mayi, uyu ndi gogo. Ndifufute zonse tiyambirenso." Kufufuta? Mabuku onse a bambo ali m'menemo, ndi zimene akhala akulemba zokhudza malemu amayi. Ndinakaniratu. Nditanyamula kale anandiponyera mawu akuti mwina ndi dalaivala, kapulogalamu koyendetsa mawu, ndipo anandionetsa pa kompyuta yake pomwe kamakhala.

Kunyumba ndinachotsa dalaivala watsopanoyo n'kubwezeretsa wakale. Kuyatsanso. Zii.

Madzulo bambo anafunsa kuti sutikesi yawo ili kuti. "Ndisamakuvutitse, mwana wanga." Ndinati sindikudziwa. Ili pamwamba pa wadirobu ndipo ikhala pomwepo.

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndinayamba nayo ndisanasambe n'komwe. Ndinadinanso kachithunzi ka sipika kaja, ka pakona, komwe ndakadina sabata yonseyi. Koma lero ndinaona kamuvi pambali pake. Kudina apo, kwatuluka mayina awiri: masipika ndi sikirini. Chosankhidwa, sikirini. Heee! Masiku onsewa Mlembi wakhala akulankhulira mu sikirini yopanda pakamwa. Mapulogalamu atsopano aja ndiwo anasokoneza njira.

Ndinasankha masipika, osakumbuka kuti voliyumu ndinaisiya kumapeto. Mawu anaphulika nyumba yonse, mpaka galu wa aneba anauwa. Bambo anadzitayira tiyi pa thalauza.

"Ameneyu ndani?" anafunsa bambo. Mawu asintha, tsopano ndi a mzimayi, wothamanga ngati akuthawa mvula. Ndinati ndiwafunira akale aja. Anati, "Msiye. Ungomuuza achepetse liwiro, sitikupita kulikonse." Anakoka mpando, zala pa mabatani, osasintha n'komwe thalauza.

Posakhalitsa hutala panja. Achimwene analowa, injini ataisiya ikulira. Anaima pakhomo, kuyang'ana ine, kuyang'ana masipika. Atati atsegule pakamwa, bambo anakweza dzanja osatembenuka.

"Ima kaye iwe, ndatsalira nkhani za sabata yathunthu. Kazimitse galimotoyo, ikundisokosa."

Anapita kukazimitsa. Panopa ali pakhonde, akuimbira foni alamu. Zomwe akunena sindikuzimva, ndipo voliyumu sinditsitsa.