Lobolo la Mkazi Wamasiye

Lolemba, 9 Junho
Alamu anga a José Luís afika kuchokera ku Gaza, kummwera kwa dziko lino, kwawo kwa malemu mwamuna wanga Timoteo. Suti yakuda, fumbi mpaka m'makutu. Ndimati abwera kudzaona manda. Ndawaotchera chambo, mwana wanga Hana wawathirira madzi m'manja. Amuyang'anitsitsa mwanayo ngati mbuzi ya pamsika. Sizinandisangalatse.

Lachitatu, 11 Junho
Zadziwika. Abwera kudzandilowola m'dzina la malemu. Mwini wake wagona m'manda chaka chathunthu, iwo lobolo alikumbukira lero! Kwawoko likangoperekedwa, ana ndi a kuchimuna. Akufuna Hana. Akuti, "Magazi athu sangakulire m'fungo la nsomba." Nsomba zomwezo dzana ananyambita mpaka zala.
Kuno mwana ndi wa mayi ake. Timoteo ankadziwa. Nyumba anamanga pamalo a mayi anga, osanyinyirika.

Lachisanu, 13 Junho
Amalume anga a Zakariya, omwe aja ankadziguguda pamtima kuti mbumba yawo saigulitsa. Lero ndawapeza mu jekete latsopano, pakhonde chigubu cha vinyo, mphatso za alamu. Maso pansi. Akuti, "Iwe Albertina, ku sul, kummwera kuja, kuli escola zabwino, mwana akaphunzira." Amuna awiri, wa kuno ndi wa kutali, miyambo yosiyana. Koma posandifunsa ine, apo agwirizana bwino.
Ndalira pang'ono kuseri kwa thandala la usipa. Basi, zakwana.

Lamulungu, 15 Junho
Titatuluka m'tchalitchi ndapita kwa amalume. Chigubu pamutu, jekete pamkono, ndadutsa mudzi wonse wa Nkholongue anthu akuona. Ndatula zonse pamapazi pa alamu.  Amayi ena aimba nthungululu, ena akuti ndachita mwano. Amalume sakundilankhula. Asandilankhule.

Lachiwiri, 17 Junho
Alamu akwera chapa, minibasi ya ku Lichinga, okha. Potsanzika agwetsa misozi: mayi awo akudwala, mdzukulu sanamuonepo. Zandilasa, sindimayembekeza.
Hana wandifunsa ngati agogo akewo amafanana ndi bambo ake. 

Lachinayi, 26 Junho
Usipa wouma ndagulitsa wonse. Escola ikatseka tipita ku Gaza, ine ndi Hana. Sindinafunse munthu. Agogo akamuone mdzukulu wawo, akamukumbatire, akalire mmene angafunire. Pogona Hana azikagona ndi ine, posamba ndi ine.
Tipita awiri. Tibwerera awiri.